Mafuwa Atatu: Mbiri ya Mabungwe a Liwiro ndi Masankhidwe a Atsogoleri Awo

MAWU OYAMBA

Nathenje ali pa msewu waukulu wochokera ku Lilongwe kunka ku Dedza. Kum'mawa kwake kuli phiri la Nkhoma, ndipo kumadzulo, cha ku Mitundu, kuli phiri la Bunda. Pakati pa mapiri awiriwa pali dziko lokwezeka, la minda ya chimanga, fodya ndi mtedza. Ana a m'dziko limeneli akula ali kuyenda mitunda yaitali popita ku sukulu, ku chigayo ndi ku msika. Chotero miyendo yolimba siisowa m'midzimo.

Koma miyendo yokha siipanga katswiri wa liwiro. Mnyamata kapena mtsikana waliwiro afuna anzake othamanga nawo, munthu womuwerengera nthawi, ndiponso ndalama za ulendo wopita ku mpikisano. Zinthu izi zipezeka pamene anthu apangana nayambitsa bungwe, limene ena alitcha kalabu. Bungwe lotere, lingakhale laling'ono chotani, likhala pa anthu atatu monga mphika ukhala pa mafuwa atatu. Woyamba ndi wapampando, wachiwiri ndi mlembi, wachitatu ndi msungichuma. Atatuwa pamodzi ndi owathandiza atchedwa komiti. Iwo salandira malipiro. Asankhidwa ndi anzawo, ndipo anzawo omwewo akhoza kuwachotsa.

Mwambo umenewu uli ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ionetsa kuti mabungwe a liwiro avutika ndi mafunso atatu kuyambira pa chiyambi. Ndani aloledwa kulowa? Ndani asankha atsogoleri? Ndani ayang'anira thumba la ndalama? Bungwe limene layankha bwino mafunsowa lakhalitsa. Limene lawazemba lagwedezeka, ndipo ena afa kumene.

LIWIRO LA MAKOLO

Kale Achewa analibe mabungwe a liwiro, koma liwiro analidziwa bwino. M'chilimwe, tchire litauma, amuna a midzi ingapo anali kupita ku uzimba ndi agalu, mauta ndi zibonga. Kumeneko mnyamata wothamanga koposa anzake anali kutchuka, pakuti ndiye anali kuyamba kufika pa nyama. Mafumu nawonso anali ndi amithenga opepuka miyendo, onyamula uthenga wa maliro kapena wa nkhondo. Ndipo Azungu atakhazikitsa boma lawo m'chaka cha 1891, makalata a positi anali kunyamulidwa ndi amuna oyenda pansi kuchokera pa boma lina kufika pa boma lina. Masiku amenewo liwiro linali ntchito, silinali masewera a tsiku lopangana.

Kusankha mtsogoleri nakonso sikunali chinthu chachilendo. Mfumu ikamwalira, akuluakulu a banja, makamaka amayi a mbumba, anali kukhala upo nayang'ana pakati pa abale ake ndi ana a alongo ake. Anali kufuna munthu wofatsa, wodziwa kusunga anthu, wosaumira. Koma ufumu usiyana ndi mpando wa bungwe m'zinthu ziwiri. Ufumu uyenda m'banja limodzi, ndipo wolongedwa akhala kawirikawiri kufikira imfa. Mpando wa bungwe ulibe banja, ndipo uli ndi malire a nthawi. Uli ngati khasu lobwereka, limene munthu alimira nyengo imodzi nalibweza kwa eni ake.

Anthu a dera la Nathenje anayamba kuona mipando yosayenda m'magazi pamene mishoni inamangidwa pa Nkhoma m'chaka cha 1896. M'mipingo ya mishoniyo munali akulu a mpingo ndi atumiki, osankhidwa pakati pa Akhristu anzawo, ogwira ntchito yawo popanda malipiro. Koma bungwe la liwiro lenilenilo linabadwira kutali, kutsidya la nyanja, ndipo mbiri iyenera kutsata kumeneko poyamba.

KALULU NDI AGALU KU ENGLAND

M'chaka cha 1868, pafupi ndi mzinda wa London ku England, munayambika bungwe la anthu othamanga m'thengo. Oliyambitsa anali anyamata opalasa ngalawa pa mtsinje wa Thames. Nyengo yachisanu ikafika iwo sanali kupalasa, ndipo matupi awo anali kulefuka. Tsono mmodzi wa iwo, dzina lake Walter Rye, anawasonkhanitsa kuti azithamanga. Masewera awo anafanana ndi uzimba. Anthu awiri, otchedwa akalulu, anali kutsogola atasenza matumba a mapepala ong'ambang'amba, namwaza mapepalawo m'njira. Otsalawo, otchedwa agalu, anali kulondola mapepala kufikira atawapeza akalulu aja. Chifukwa chake bungwelo analitcha Thames Hare and Hounds, ndiko kunena kuti Kalulu ndi Agalu a ku Thames. Bungweli lilipo kufikira lero lino.

Mabungwe ena ambiri anabadwa m'zaka zomwezo, ndipo funso loyamba lija silinachedwe kubuka. Ku London kunali bungwe lamphamvu lotchedwa Amateur Athletic Club, limene linali ndi lamulo lokaniza amisiri ndi anthu ogwira ntchito ya manja kulowa m'mipikisano yake. Liwiro linayesedwa masewera a anthu olemera ndi ophunzira okha. Koma mabungwe a kumpoto kwa England, kumene kunali mafakitale ndi migodi, sanakondwere nalo lamulo limeneli, popeza othamanga awo ambiri anali anthu antchito. Panalinso mikangano ina, kotero kuti mabungwe anayamba kukokana uku ndi uku.

Amuna atatu a ku sukulu yaukachenjede ya Oxford anaona kuti masewera adzaonongeka. Maina awo ndi Clement Jackson, Montague Shearman ndi Bernhard Wise. Iwo anaitana nthumwi za mabungwe a kumpoto, a pakati ndi a kumwera, ndipo zinakomana ku Oxford pa 24 April 1880. Pamenepo anapangana kukhala ndi bungwe limodzi lalikulu, lotchedwa Amateur Athletic Association. Lamulo lokaniza antchito analitaya. Atsogoleri anasankhidwa ndi nthumwi. Shearman anakhala mlembi, ndipo Jackson anasunga chuma zaka zambiri. Onse awiri anali ndi ntchito zawo zodyera, ndipo za bungwe anali kuchita mwaulere.

Chitsanzo chimenechi chinawanda m'mayiko ena. M'chaka cha 1912 nthumwi za mayiko 17 zinasonkhana ku Stockholm, ku Sweden, nizikhazikitsa bungwe loyang'anira masewera a liwiro pa dziko lonse lapansi. Lero bungwelo litchedwa World Athletics.

MAFUWA ATATU AFIKA KU NYASALAND

M'dziko lino, limene pa nthawiyo linali kutchedwa Nyasaland, Azungu anali ndi mabungwe awo a masewera, monga Blantyre Sports Club ndi Zomba Gymkhana Club. M'menemo munali wapampando, mlembi ndi msungichuma, koma munthu wakuda sanali kuloledwa kukhala chiwalo. Iye anali kulowamo monga wantchito basi. Chotero eni dziko sanaphunzire kuyendetsa komiti pa bwalo la masewera. Anaphunzira m'mabungwe ena, oyankhulira anthu kwa boma, ndipo zimene zinachitika m'menemo zili ndi phunziro kwa bungwe lililonse la odzipereka.

M'chaka chomwe chija cha 1912, ku Karonga kunayambika bungwe lotchedwa North Nyasa Native Association, ndipo mlembi wake anali Levi Mumba. Linatsatidwa ndi la West Nyasa m'chaka cha 1914, ndi la Mombera m'chaka cha 1920. Ku Lilongwe bungwe la Chigawo cha Pakati linayambika m'chaka cha 1927, ndipo mmodzi wa oliyambitsa anali George Simeon Mwase. Masiku amenewo fodya anali atangowanda m'midzi ya Lilongwe, ndipo madandaulo a alimi a fodya anali pakati pa nkhani zazikulu za bungwelo.

Ziwalo za mabungwe amenewa zinali aphunzitsi, alembi a m'maofesi, abusa, alimi ndi amalonda. Anali kusonkha makobiri a m'matumba mwawo, nayenda pansi kapena pa njinga kupita ku msonkhano. Anali kusankha atsogoleri awo, nalemba m'buku mfundo zonse zimene agwirizana, natumiza makalata ku boma. Panalibe wowalipira. Chowakoka chinali chikondi cha pa anthu a mtundu wawo.

M'chaka cha 1943 James Sangala analemba kalata yopempha kuti mabungwe onse akhale pamodzi. Motero munabadwa Nyasaland African Congress, imene inachita msonkhano wake woyamba ku Blantyre m'mwezi wa October 1944. Levi Mumba anasankhidwa kukhala mtsogoleri, koma anamwalira mu January 1945, ndipo wachiwiri wake, Charles Matinga, analowa m'malo mwake.

Apa ndipo panaoneka kulemera kwa ntchito yaulere. Atsogoleri ambiri anali pa ntchito ya boma kapena ya mishoni, ndipo za bungwe anali kuchita madzulo ataweruka. Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene anali sing'anga ku England, anapereka ganizo lakuti bungwe lilembe munthu mmodzi wolipidwa, wogwira ntchito ya bungwe tsiku lonse, nalonjeza kuthandiza ndi ndalama. Koma ganizolo linakanidwa. Pambuyo pake panabuka mlandu wa ndalama za bungwe zimene sizinayende m'njira yake, ndipo m'chaka cha 1950 Matinga anachoka pa mpando. Anthu ambiri anali atataya mtima, ndipo nthambi zinali zitafooka.

Koma bungwelo silinafe, pakuti linali ndi njira yosinthira atsogoleri popanda kupasula nyumba. M'mwezi wa August 1950 nthumwi zinasonkhana ku Mzimba, nizisankha James Chinyama, mlimi wa m'boma la Lilongwe, kukhala mtsogoleri, ndi James Sangala kukhala wachiwiri wake. Fuwa limodzi litasweka, eni mphika sanataye nsima. Anaika fuwa lina.

MPIKISANO WOKUMBUKIRA NKHONDO

Pofuna kuona mafunso atatu onse m'bungwe limodzi la liwiro, nkoyenera kuyang'ana ku South Africa, dziko limene Amalawi ambiri alidziwa chifukwa cha ntchito. Kumeneko kuli mpikisano wotchedwa Comrades Marathon, ndipo chiyambi chake chikhudzana ndi nkhondo imene inasautsanso anthu a kuno.

Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene akuluakulu anaitcha nkhondo ya Chiwaya, amuna zikwi zambirimbiri a ku Nyasaland anatengedwa kukakhala asilikali ndi amtengatenga polimbana ndi Ajeremani kum'mawa kwa Africa. Ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Pa nkhondo yomweyo panali msilikali wa ku South Africa, dzina lake Vic Clapham, amene anayenda pansi mitunda yosawerengeka m'dzuwa ndi m'matope. Atabwerera kwawo anafuna kuti anzake amene anafa akumbukiridwe. Iye sanafune chipilala chamwala. Anafuna ulendo wowawa wa pansi, wochitika chaka ndi chaka, kuchokera ku Pietermaritzburg kufika ku Durban. Mtunda wake uli pafupi ndi makilomita 90, wonga wochokera ku Lilongwe, kupyola pa Nathenje, kukafika ku Dedza.

Clapham anapempha thandizo ku bungwe la asilikali akale. Anamukaniza m'chaka cha 1919, namukanizanso m'chaka cha 1920, poganiza kuti palibe munthu angathamange mtunda wotere. Iye sanaleke. M'chaka cha 1921 anamulola, namukongoza paundi imodzi. Pa 24 May 1921 anthu 34 ananyamuka ku Pietermaritzburg, ndipo 16 anafika ku Durban. Woyamba anali Bill Rowan, amene anathamanga maola 8 ndi mphindi 59. Clapham anali munthu wa ntchito ya njanji, ndipo zonse za mpikisano anali kulongosola pa nthawi yake yopuma.

Funso lakuti ndani aloledwa kulowa linakhala zaka zoposa 50 lisanayankhidwe bwino. Malamulo analola amuna achizungu okha. M'chaka cha 1923 mkazi wina, Frances Hayward, anathamanga mtunda wonse, koma dzina lake silinawerengedwe pamodzi ndi amuna. M'chaka cha 1935 Robert Mtshali, munthu wakuda, anatsiriza ulendowo m'maola 9 ndi theka, ndipo mendulo sanalandire. Chipata chinatsegulidwa kwa akazi ndi kwa anthu a mitundu yonse m'chaka cha 1975. M'chaka cha 1989 Samuel Tshabalala anakhala munthu wakuda woyamba kupambana, ndipo Stephen Muzhingi wa ku Zimbabwe anapambana katatu motsatizana, m'zaka za 2009, 2010 ndi 2011. Kuyambira m'chaka cha 2019 pali mendulo yotchedwa dzina la Robert Mtshali, yopatsidwa kwa otsiriza pakati pa maola 9 ndi 10. Ulemu umene anamanidwa ali moyo unamupeza ali m'manda.

Mpikisano utakula, unaposa mphamvu za makalabu amene anali kuuyendetsa. Chotero kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 kunakhazikitsidwa bungwe lakelake, lotchedwa Comrades Marathon Association, lokhala ndi ziwalo zake ndi komiti yosankhidwa ndi ziwalozo. Zaka zina olembetsa kuthamanga apitirira 20,000. Bungwe lili ndi antchito owerengeka olipidwa, koma pa tsiku la mpikisano ogawa madzi ndi olozera njira ali anthu zikwi odzipereka. Mmodzi wa amene anakhala pa mpando wa bungweli ndi Cheryl Winn, mayi amene anapambana mpikisano wa akazi m'chaka cha 1982. Pa mpikisano umene unali kukaniza akazi, mkazi anadzakhala wapampando.

PAMENE ZIWALO ZINAIMIRIRA

M'chaka cha 2024 funso lachiwiri linabuka mwamphamvu m'bungwe lomweli. Ziwalo zambiri sizinakondwere ndi m'mene komiti inali kuyendetsera zinthu. Malamulo a bungwe anali ndi njira yakuti ziwalo ziitanitse msonkhano wapadera osayembekeza wa pachaka, ndipo zinatsata njira imeneyo. Msonkhano unaikidwa m'mwezi wa August.

Tsono panauka mkangano wina: kodi ziwalo zokhala kunja kwa chigawo cha KwaZulu-Natal, kumene mpikisano uchitikira, zili ndi mphamvu yoponya voti? Ena anati ayi. Koma othamanga a ku Johannesburg ndi madera ena anati iwonso alipira msonkho wa bungwe, ndipo mpikisano ndi wawonso. Nkhani inafika ku bwalo lalikulu la milandu la ku Pietermaritzburg, ndipo bwalolo linawalola kuvota. Msonkhano unachitika, ena a m'komiti anatula pansi maudindo, ndipo anthu ena anagwirizira mipando kwa miyezi yowerengeka. M'mwezi wa November ziwalo zinasankha komiti yatsopano, ndipo mu June 2025 mpikisano unachitika monga mwa nthawi zonse.

Nkhani imeneyi ifanana ndi ya ku Mzimba ya chaka cha 1950. Mkangano unali wowawa, ndipo anthu odziwana zaka zambiri anayang'anana ndi diso lofiira. Koma popeza malamulo anali olembedwa, ndipo maina a ziwalo anali m'buku, panali poyambira poweruza. Bungwe lopanda buku likakangana, apambana ndi wa mawu okweza.

THUMBA LA NDALAMA

Funso lachitatu silisankha bungwe laling'ono kapena lalikulu. Bungwe lija la dziko lonse lapansi, lobadwa ku Stockholm, linatsogoleredwa ndi Lamine Diack wa ku Senegal kuyambira m'chaka cha 1999 kufikira 2015. M'chaka cha 2020 bwalo la milandu la ku Paris linamupeza wolakwa pa mlandu wa ziphuphu, zolandiridwa pofuna kubisa othamanga a ku Russia amene anali kumwa mankhwala oletsedwa owonjezera mphamvu. Munthu wokhala pa mpando zaka zambiri popanda womufunsa ayamba kuyesa thumba la anthu thumba lake.

Wolowa m'malo mwake anasankhidwa ku Beijing m'chaka cha 2015. Opikisana anali awiri, onse akatswiri akale a masewera. Sebastian Coe wa ku Britain anapeza mavoti 115, ndipo Sergey Bubka wa ku Ukraine anapeza 92. Pa chisankho chotere dziko lililonse lili ndi voti imodzi, lalikulu ndi laling'ono lomwe. M'chaka cha 2016 malamulo anakonzedwanso, kuti mtsogoleri asapitirire zaka 12 pa mpando, ndiponso kuti akazi achuluke m'komiti.

OTHAMANGA A MALAWI

Malawi atalandira ufulu m'chaka cha 1964, anayamba kutumiza ana ake ku mipikisano ya mayiko. Anapita ku masewera a Commonwealth ku Edinburgh m'chaka cha 1970, ndi ku masewera a Olympic ku Munich m'chaka cha 1972. M'chaka cha 1974 boma linakhazikitsa ndi lamulo khonsolo yoyang'anira mabungwe a masewera m'dziko lino. M'chaka cha 2004 Catherine Chikwakwa anakhala wachiwiri pa liwiro la mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse lapansi ku Grosseto, ku Italy, nabwera ndi mendulo yasiliva. Ku Mulanje kuli mpikisano wokwera ndi kutsika phiri, umene unayambira pa anyamata onyamula katundu wa alendo, ndipo pambuyo pake unatsegulidwa kwa amuna ndi akazi onse. Ku Lilongwe bwalo la Bingu linatsegulidwa m'chaka cha 2017, lokhala ndi njira yothamangiramo yamakono, ndipo mu December 2022 mzindawu unalandira masewera a achinyamata a mayiko a kumwera kwa Africa.

Kuchokera pa Nathenje kapena pa Mitundu kufika ku bwalo limenelo ndi ulendo waufupi pa galimoto. Koma mwana wa m'mudzi safikako ndi miyendo yake yokha. Kumbuyo kwa wothamanga aliyense wotchuka kuli anthu amene maina awo salembedwa m'nyuzipepala: mphunzitsi amene anamuona ali kusiya anzake pa bwalo la sukulu, mayi amene anaphikira gulu pa tsiku la mpikisano, mlembi amene anatumiza dzina lake nthawi isanathe. Bwalo lalikulu limangidwa ndi boma, koma othamangamo aleredwa ndi timabungwe ta m'midzi ndi m'masukulu.

ZIMENE MBIRI IPHUNZITSA

Tsiku limene achinyamata a pa Nathenje akhala pansi m'chipinda cha sukulu kapena patsinde pa mtengo kuti asankhe komiti ya kalabu yawo, achita chinthu chimene chinachitika ku Oxford m'chaka cha 1880 ndi ku Karonga m'chaka cha 1912. Mbiri yafotokozedwayi iwasiyira malangizo anayi.

Loyamba ndi la chipata. Mabungwe amene anakaniza antchito, akazi ndi anthu akuda anadzimana okha akatswiri, ndipo pomaliza anatsegula chipata ndi manyazi. Kalabu ya m'mudzi isayang'ane banja la munthu, mpingo wake kapena chipani chake. Mtsikana akhale ndi voti yolingana ndi ya mnyamata, ndipo akhoza kukhala pa mpando uliwonse.

Lachiwiri ndi la buku la maina. Mlembi alembe chiwalo chilichonse ndi tsiku limene chinalowa. Malamulo anene poyera amene ayenera kuvota, tsiku la chisankho, ndi utali wa nthawi ya komiti. Zimenezi zilembedwe anthu akali kusekerana, pakuti malire a munda salembedwa bwino pa tsiku la ndewu. Ndipo tsiku la chisankho likafika, lisasunthidwe chifukwa chakuti wapampando akali kuukonda mpando.

Lachitatu ndi la thumba. Ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka ilembedwe, ndipo isatuluke ndi dzanja la munthu mmodzi. Pa msonkhano wa pachaka msungichuma awerenge buku lake mokweza pamaso pa onse, ndipo anthu awiri amene sali m'komiti aliyang'ane. Kuchita chotero si kumuyesa wakuba ayi. Buku loonekera litchinjiriza munthu wokhulupirika ku miseche, ndipo lithandiza wofooka kuti asagwe m'chiyeso.

Lachinayi ndi la ziwalo zimene. Wodzipereka asiya munda wake, natha sabata ali kuthamangira za anzake, ndipo kawirikawiri malipiro ake ndi mnyozo. Akale anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo wolandira mpando ayenera kudziwa zimenezo. Koma ziwalo zisamusenzetse denga lonse yekha. Zifike pa misonkhano, zipereke msonkho wake, zithokoze pamene wachita bwino, ndipo zimuchotse mwaulemu pamene walephera. Chiwalo chimene chijomba pa tsiku la chisankho chapereka voti yake kwa ena, ndipo chilibe podandaulira.

Vic Clapham anayamba ndi paundi imodzi yangongole ndi anthu 34, ndipo ntchito yake yapitirira zaka 100. Sinakhalitse chifukwa chakuti atsogoleri ake onse anali angwiro. Inakhalitsa chifukwa panali anthu olandira mpando popanda malipiro, ndi anthu ena olimba mtima kuwafunsa ndi kuwasintha. Wogonja pa chisankho akabwera m'mawa mwake kudzathamanga pamodzi ndi amene anamugonjetsa, bungwe limenelo lili ndi moyo. Paja liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi.